Kodi wantchito uyu analandira liti laisensi yake ya Microsoft 365?

Funso: Ndimayang'anira makompyuta pa bungwe lathu, ndipo antchito athu onse amagwiritsa ntchito Microsoft 365. A ku nthambi ya zachuma akufuna kuti bilu ya malaisensi izigawidwa ku nthambi iliyonse, ndiye andipempha kuti ndiwapatse tsiku lomwe munthu aliyense analandira laisensi yake. Ndikatsegula admin center, tsamba lomwe timayendetserapo maakaunti, ndimaona kuti uje ali ndi laisensi ya mtundu wa E3, uje ali ndi ya E5, koma tsiku palibe. Kodi tsikuli limabisala pati, ndipo ndingalipeze bwanji kwa anthu onse nthawi imodzi?

Yankho: Ndiyambe ndi kukumasulani mtima kuti simunaphonye batani lililonse. Tsiku lomwe mukufunalo silinalembedwe pa tsamba la munthu mu admin center, ndipo palibe malo amodzi omwe mungapite n'kukalitenga lili lathunthu kwa anthu onse. Microsoft 365 imasunga bwino mmene zinthu zilili lero, koma mbiri ya mmene zinafikira pamenepo imaisunga kwa kanthawi kochepa, kenako imaifufuta. Ndiye ntchito yanu ili pawiri: kutola zomwe zatsala za m'mbuyomu zisanafufutike, ndi kuyamba kusunga nokha mbiriyi kuyambira lero.

Mukayang'ana akaunti ya munthu kudzera mu Microsoft Graph, khomo lomwe mapulogalamu amawerengera zomwe zili mu Microsoft 365, mupeza gawo lotchedwa assignedLicenses. Dzina lake limapatsa chiyembekezo, koma m'kati mwake muli zinthu ziwiri zokha: nambala ya laisensi, yomwe amaitcha skuId, ndi mndandanda wa zigawo za laisensiyo zomwe munthuyo anatsekeredwa. Nthawi mulibe. N'chifukwa chake admin center singakuonetseni tsiku, poti nayonso ikuwerenga pomwepo.

Umboni weniweni uli mu audit log, kaundula yemwe amalemba chilichonse chomwe chasinthidwa pa akaunti, amene wasintha, ndi nthawi yake. Kaundula woyamba ali mu Microsoft Entra ID, yomwe imasunga maakaunti a anthu onse, ndipo kale inkatchedwa Azure Active Directory isanasinthidwe dzina mu 2023. Mukalowa mu Audit logs, sefani ndi ntchito yotchedwa Change user license. Mzere uliwonse ukuuzani munthu amene laisensi yake inakhudzidwa, amene anaikhudza, ndi ola lake. Koma musadabwe mukautsegula n'kupeza kuti sukunena bwino kuti ndi laisensi iti. Nthawi zambiri pambali pake pamakhala mzere wina wa nthawi yomweyo wotchedwa Update user. Tsegulani umenewo, pitani pa Modified Properties, mufunefune mawu akuti AssignedLicense. Muona mbali ziwiri, Old Value ndi New Value. Ngati mbali yakale ili yopanda kanthu ndipo mbali yatsopano ili ndi SkuName=ENTERPRISEPACK, ndiye kuti pa nthawi imeneyo munthuyo analandira Office 365 E3. Ngati zili mosinthana, anamulanda. Ngati mbali zonse zili ndi laisensi imodzimodzi, yang'anani pa DisabledPlans, chifukwa mwina winawake anangomutsekera kapena kumutsegulira chigawo monga Teams kapena Exchange (ya imelo), laisensi yeniyeniyo osaikhudza.

Mayina a malaisensi m'kaundulamu amasokoneza, choncho khalani tcheru. SPE_E3 ndi Microsoft 365 E3, SPE_E5 ndi Microsoft 365 E5, ENTERPRISEPREMIUM ndi Office 365 E5. Dzina lomwe lagwetsa anthu ambiri ndi O365_BUSINESS_PREMIUM, chifukwa laisensi yake masiku ano imagulitsidwa ngati Business Standard, pomwe Business Premium yeniyeni imalembedwa SPB. Musanapereke lipoti lililonse, yendetsani lamulo la Get-MgSubscribedSku mu PowerShell, pulogalamu yolemberamo malamulo, kuti muone malaisensi onse omwe bungwe lanu linagula, nambala zake ndi mayina ake, ndipo mugwirizanitse ndi zomwe zili pa bilu.

Vuto la kaundula wa Entra ndi kufupika kwake. Pa Entra ID yaulere amasunga masiku 7 okha, ndipo pa mitundu yolipira ya P1 kapena P2 amasunga masiku 30. Wantchito amene analowa miyezi iwiri yapitayo simumupezamo.

Kaundula wachiwiri ndi wa Microsoft Purview, chida chosungira ndi kufufuza zochitika pa bungwe, ndipo uyu amafika patali. Zolembedwa kuyambira pa 17 Okutobala 2023 zimasungidwa masiku 180, pomwe kale ankasunga masiku 90. Kwa amene ali ndi Audit Premium, yomwe imabwera ndi E5, zochitika za mu Entra ID zimasungidwa chaka chathunthu, ndipo pali laisensi yoonjezera yomwe imafikitsa ku zaka 10, ngakhale kuti siibweza zomwe zinafufutika kale isanagulidwe. Mutha kufufuza pa tsamba la Purview, koma kwa anthu ambiri gwiritsani ntchito lamulo la Search-UnifiedAuditLog mu Exchange Online PowerShell. Pano pali tizinthu tiwiri tomwe timataitsa nthawi. Koyamba, mu kaundula uyu dzina la ntchitoyi limathera ndi kadontho, Change user license kenako dontho, ndipo mukaiwala kadonthoko mutha kubwerako manja lendelende n'kumaganiza kuti mulibe kanthu. Kachiwiri, kufufuza kumodzi sikubweretsa mizere yoposa 5,000. Mukaonjezera ReturnLargeSet pa lamuloli n'kumabwereza mumafika pa 50,000, koma ine ndimakonda kudula nthawi m'zidutswa za sabata imodzi imodzi, kuti ndikhale wotsimikiza kuti palibe chomwe chatsalira m'njira.

Tsopano, ngati bungwe lanu limapereka malaisensi kudzera m'magulu, kaundulayu amawerengedwa mwanjira ina. Mu njira imeneyi laisensi imapachikidwa pa gulu, ndipo aliyense wolowa m'gululo amailandira yekha. Mukatsegula mzere wa Change user license simupeza dzina la mnzanu wa ku IT pamalo a amene anasintha, koma dzina la Group-Based Licensing ya Microsoft yomwe. Tsiku ndi loona, koma ngati mukufuna kudziwa amene analamula, fufuzani mzere wa Add member to group wa nthawi yoyandikana nayo. Gululo likakhala la mtundu wa dynamic, lomwe limasankha anthu lokha potengera zomwe zalembedwa pa akaunti, muyenera kubwereranso m'mbuyo kamodzi, chifukwa chomwe chinayambitsa zonse chingakhale kuti winawake anasintha dzina la nthambi ya munthuyo. Kwa a zachuma izi ndi zofunika, poti tsiku losintha nthambi ndi lomwenso bilu iyenera kusamukira kwina.

Nanga anthu omwe analandira malaisensi zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo? Apa ndi pomwe ndikufuna tichedwepo, chifukwa ndi pomwe anthu amapereka malipoti ooneka bwino koma onama.

Pa akaunti ya munthu pali gawo lina lotchedwa assignedPlans, ndipo ili lili ndi tsiku, assignedDateTime. Laisensi imodzi ngati E3 si chinthu chimodzi, ndi mtolo wa zigawo zambirimbiri: Exchange Online, SharePoint, Teams, Intune, Forms, Planner ndi zina. Chigawo chilichonse chili ndi mzere wake, tsiku lake, ndi mawu osonyeza ngati chikugwira ntchito, monga Enabled, Suspended kapena Deleted. Kuti muzione muyenera kuzipempha ndi dzina, mwachitsanzo Get-MgUser pamodzi ndi -Property AssignedPlans, apo ayi gawoli limabwera lopanda kanthu. Munthu ukaona masiku amenewa koyamba umapuma mtima kuti basi ndapeza. Koma tsiku lililonse pamenepo likunena za chigawo, osati laisensi. Microsoft imaonjezera zigawo zatsopano m'malaisensi nthawi ndi nthawi, ndipo ikatero aliyense amene ali ndi laisensiyo amalandira mzere watsopano wokhala ndi tsiku latsopano, ngakhale palibe munthu wa pa bungwe lanu amene wakhudza kanthu. Komanso zigawo zomwe munthu analandidwa kale sizichoka msanga, zimatsala zili ndi mawu akuti Deleted. Pamwamba pa izo, chigawo chimodzi chimatha kupezeka m'malaisensi angapo: Exchange Online Plan 2 ili mu E3 komanso mu E5, ndipo mzere wa chigawocho sunena kuti chinabwera ndi laisensi iti. Munthu amene anakwezedwa kuchoka pa E3 kupita pa E5 angathe kukhala ndi masiku osakanikirana, ena akale, ena atsopano.

Ine izi ndinaziphunzira movutikira. Pa bungwe lina lomwe ndinkathandiza, ndinalemba script (kapulogalamu kakang'ono) yotenga tsiku laposachedwa kwambiri pa munthu aliyense, ndipo ndinapereka lipoti ndili wokhutira. Mayi wina wa ku zachuma analiyang'ana mwachifatse, nayendetsa chala pa mzere wa masiku kuchokera pamwamba mpaka pansi, kenako anandifunsa modekha kuti, "Achimwene, kodi anthu onsewa, kuphatikizapo ineyo amene ndakhala pano zaka zambiri, tinalandira malaisensi tsiku limodzi?" Ndinayang'ana, ndipo zinalidi choncho: pafupifupi aliyense anali ndi tsiku lofanana. Linali tsiku lomwe chigawo chatsopano chinalowetsedwa mu laisensiyo. Akanakhala kuti sanafunse, nthambi zina zikanalipitsidwa miyezi yochepa kuposa yomwe zinagwiritsadi ntchito, ndipo cholakwacho chikanalowa m'mabuku.

Ndiye ngati mugwiritsa ntchito assignedPlans, chitani chonchi. Tengani mndandanda wa zigawo za laisensi yomwe mukufufuza kuchokera mu Get-MgSubscribedSku. Pa munthu aliyense, sungani mizere yokhayo yomwe servicePlanId yake, nambala ya chigawocho, ili pa mndandandawo ndipo ili Enabled. Mwa imeneyo tengani tsiku lakale kwambiri, osati latsopano. Kwa munthu amene wakhala ndi laisensi imodzi chilowereni, tsikuli limakhala pafupi ndi choona. Kwa amene anakwezedwa kupita pa E5, yang'anani zigawo zomwe zili mu E5 yokha, zomwe mu E3 mulibe, ndipo tsiku lakale kwambiri mwa zimenezo ndi lomwe likuyandikira tsiku lokwezedwa. Ngakhale mutachita zonsezi mosamala, chomwe mwapeza ndi chiyerekezo chabwino, osati umboni.

Pali gawo linanso, licenseAssignmentStates, lomwe limaonetsa laisensi iliyonse payokha, ngati inabwera kudzera m'gulu ndi gulu lake, ngati pali cholakwika, ndi tsiku lotchedwa lastUpdatedDateTime. Gawoli ndi lothandiza kwambiri posiyanitsa laisensi yoperekedwa mwachindunji ndi yobwera ndi gulu. Koma dzina la tsikulo likudzinenera lokha: ndi nthawi yomwe panasinthidwa kanthu komaliza. Mukasamutsa anthu kuchoka pa malaisensi achindunji kupita pa a gulu, kapena mukasintha zigawo zomwe gulu limapereka, tsikulo limasuntha. Ligwiritseni ntchito ngati malire: laisensiyo inalipo kale pofika tsiku limenelo, koma ikhoza kukhala yakale kuposa apo.

Osanyoza maumboni a kunja kwa kaundula. Tsiku lomwe akaunti inapangidwa, createdDateTime, limakupatsani malire ena, poti munthu sangalandire laisensi akaunti yake isanabadwe. Mu Exchange, WhenMailboxCreated imasonyeza nthawi yomwe bokosi la imelo linapangidwa, ndipo kwa wantchito amene bokosi lake linayambira mu cloud, nthawi imeneyi imatsatana kwambiri ndi laisensi yake yoyamba. Onjezani matikiti a ku helpdesk, maimelo opempha laisensi, ndi tsiku loyamba ntchito lomwe a zolemba antchito ali nalo. Magwero atatu akalozera sabata imodzi, mutha kuimirira pa tsikulo.

Chomwe ndikukupemphani kwambiri n'chakuti mu lipoti lanu muike danga loonjezera pambali pa tsiku, lonena komwe tsikulo lachokera: kaundula, assignedPlans, kapena chiyerekezo cha tsiku loyamba ntchito. Anthu a zachuma sadana ndi chiyerekezo, amachidziwa bwino kuposa ife. Chomwe chimawapweteka ndi chiyerekezo chovala ngati umboni, chomwe chimadzaululika pamaso pa oyendera mabuku.

Musanathe masiku mukufukula zakale, khalani pansi ndi a zachuma muwafunse chomwe akufunadi, chifukwa pali chinthu chimodzi chomwe chimasokoneza nthambi ziwirizi. Bilu ya Microsoft imatsatira chiwerengero cha malaisensi omwe bungwe linagula, osati omwe aperekedwa kwa anthu. Tiyerekeze kuti munagula malaisensi 200 ndipo 180 okha ndi omwe ali ndi eni ake. Mulipira 200. Ngakhale mutapeza tsiku lolondola la munthu aliyense, zomwe nthambi zilipitsidwe zikaphatikizidwa sizifika pa bilu yonse, ndipo 20 otsalawo ayenera kupezeredwa mwini: kaya nthambi ya IT, kaya agawidwe kwa onse. Kulanda munthu laisensi sikutsitsa bilu pakokha. Ndipo kwa ogula kudzera mwa ogulitsa pa dongosolo la New Commerce Experience, mpata wochepetsa malaisensi omwe mwangogula ndi masiku 7, kenako mumakhala nawo mpaka nyengo ya mgwirizano itatha. Nthawi zambiri mukafotokoza izi, a zachuma amazindikira kuti safunikira tsiku lenileni la zaka zapitazo. Amangofuna kudziwa kuti pa tsiku loyamba la mwezi uliwonse, nthambi iliyonse inali ndi malaisensi angati a mtundu uti. Funso limeneli ndi losavuta kuliyankha, ndipo yankho lake ndi lodalirika.

Kuyambira lero, chitani zinthu ziwiri. Choyamba, mu Entra ID tsegulani Diagnostic settings ndipo mutumize AuditLogs ku Log Analytics kapena ku storage account, malo osungira zolembedwa a mu Azure, cloud ya Microsoft. Mu Log Analytics mutha kusunga zolembedwa zofufuzika mosavuta mpaka masiku 730, ndipo zosungidwa pambali zimatha kufika zaka 12. Pamafunika subscription ya Azure ndipo pali kulipira, koma kaundula wa zosintha pa maakaunti sakhala wamkulu kwambiri poyerekeza ndi wa kulowa kwa anthu mu maakaunti awo. Dziwani kuti njirayi imayamba kusunga kuchokera pomwe mwaitsegula, siibwerera m'mbuyo.

Chachiwiri, ndipo ichi ndimachikonda kwambiri chifukwa cha kuphweka kwake, ndi chithunzi cha tsiku ndi tsiku. Lembani script yaing'ono yomwe usiku uliwonse imatenga id ya munthu, dzina lake lolowera, nthambi yake, malaisensi ake ndi gulu lomwe linamupatsa, n'kusunga mu fayilo ya CSV (yotseguka mu Excel) yokhala ndi tsiku pa dzina lake. Mukafanizira fayilo ya lero ndi ya dzulo, muona amene walandira, amene walandidwa, ndi amene wasamuka nthambi. Kaundula amakuuzani zomwe zinachitika, chithunzi chimakuuzani mmene zinthu zinalili, ndipo a zachuma amafuna chachiwirichi. Pofanizira gwiritsani ntchito id osati dzina, chifukwa mayina ndi maimelo amasintha munthu akakwatiwa kapena bungwe likasintha domain, koma id siisintha. Script yotereyi imangofunika chilolezo chowerenga, monga User.Read.All ndi Organization.Read.All, ndipo ikamawerenganso kaundula imafuna AuditLog.Read.All. Musaipatse mphamvu yosintha kanthu. Mafayilowo muli mayina a anthu, choncho asungidwe pamalo otsekedwa bwino, ndipo mugwirizane za nthawi yomwe adzafufutidwe.

Samalaninso ndi nthawi. Zomwe mumakoka kudzera mu Graph ndi PowerShell zimabwera mu UTC, nthawi yomwe dziko lonse limayezerapo nthawi zake. Ngati kwanu nthawi ili patsogolo pa UTC, laisensi yoperekedwa pakati pa usiku mwezi utangolowa imaoneka ngati inaperekedwa tsiku lomaliza la mwezi wathawo, ndipo nthambi ingalipitsidwe mwezi womwe sinagwiritse ntchito. Sankhani nthawi imodzi, muilembe pamwamba pa lipoti, ndipo musamaisinthe.

Mukamafufuza pa intaneti mupeza ma script ambiri akale oyamba ndi Get-MsolUser kapena Get-AzureADUser. Asiyeni. Microsoft inalengeza kuti yasiya kuthandiza ma module a MSOnline ndi AzureAD kuyambira pa 30 Malichi 2024, ndipo njira yamakono ndi Microsoft Graph PowerShell. Komanso kuyambira pa 1 Seputembala 2024, kupereka malaisensi pa tsamba kunachotsedwa mu Entra admin center n'kupita ku Microsoft 365 admin center, choncho malangizo ena akale akutumizani ku batani lomwe kulibenso. 

Kumbali yolanda malaisensi, poti lipoti ngati lanuli limatulukira anthu omwe anachoka kale koma akadali ndi laisensi, musathamangire kuwalanda tsiku lomwelo. Laisensi ya Exchange ikachotsedwa, bokosi la imelo limasungidwa masiku 30, kenako limatayika ngati simunaliteteze mwanjira ina. Yambani mwafunsa mkulu wa nthambiyo ngati muli makalata ofunika, ndipo mulisandutse shared mailbox (bokosi logwiritsa ntchito anthu angapo) kapena muliike pa hold (lamulo loletsa kuti makalata afufutidwe) musanalande.

Mukamaliza kuwerenga izi, lowani mu Purview lero lomwe ndipo mukoke mizere yonse ya Change user license, Update user, Add member to group ndi Remove member from group ya masiku 180 apitawa, muisunge mu CSV. Musadikire kuti script ithe kapena kuti a zachuma ayankhe, chifukwa m'mawa uliwonse tsiku lakale kwambiri m'kaundulamo limagwa, ndipo anthu omwe analandira malaisensi tsiku limenelo amachoka pa gulu la omwe muli ndi umboni wawo n'kulowa pa gulu la omwe mudzawayerekeze.